Kuwotcha mondokwa mu air fryer: chimanga chathu chimafuna madzi kaye

Maphikidwe ambiri a chimanga mu air fryer amanena zofanana: pakani mafuta, ikani pa madigiri 200, dikirani mphindi 12 mpaka 15. Sakunama ayi, koma chimanga chimene akunenacho ndi sweet corn, chachikasu chija cha njere zofewa, zodzaza madzi ndi shuga. Mondokwa wathu, kapena dowe monga ena timanenera, ndi chimanga cha kumunda, chomwechi chimene chikauma timapita nacho kuchigayo. Khungu la njere zake ndi lolimba, ndipo m'kati mwake muli ufa wambiri kuposa madzi. Mukachiponya chachiwisi mu air fryer n'kutsatira mphindi za sweet corn, chimatuluka chouma gwa kunja, pamene m'kati chikumvekabe ufa wosapsa. Anthu ambiri amagwa ulesi pomwepa n'kunena kuti makinawa sawotcha chimanga. Amawotcha ndithu, ine ndimawotcheramo nyengo yonse ya mondokwa, bola chimangacho chiyambe chaona madzi.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a makinawa. Air fryer, imene kampani ya Philips inaionetsa koyamba ku Berlin mu 2010, ndi kauvuni kakang'ono kokhala ndi elementi pamwamba ndi fani imene imazunguza mpweya wotentha mwamphamvu. Mpweya wothamangawo ntchito yake ndi kuumitsa kunja kwa chakudya, n'chifukwa chake tchipisi ndi nkhuku zimakhala bwino. Makala a pambaula amatentha kwambiri kuposa mpweya umenewu, moti njere zimapsa msanga madzi asanathe. Ma air fryer ambiri amalekera pa madigiri 200. Kutentha kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi makala, ndiye chimanga chimatenga nthawi kuti chipse, ndipo nthawi yonseyo fani ikuchichotsa madzi.

Nkhani imayambira pogula. Kaya muli mu msika wa Limbe, kaya mwaimitsa galimoto pa Lizulu, musagule chimanga chosendasenda kale chimene chagona padzuwa. Sankhani cha makoko obiriwira, ogwira thupi, ndevu zake zofiirira kunsonga koma zosauma n'kufumbutuka. Pemphani wogulitsayo kuti akusendereni pang'ono, ndiye mutsine njere imodzi ya pakati ndi chikhadabo. Ikatulutsa mkaka woyera, chimenecho ndiye chanu. Ikatulutsa timadzi toyera mbee, chimangacho n'chanthete kwambiri ndipo chikafota m'makinamo. Ngati chikhadabo chikungodinda osaboola, chakhwima. Mutha kuchigulabe koma mudziwiretu kuti chidzakhalitsa pamoto. Muonenso kunsonga, chifukwa chibwerereni mbozi zija za fall armyworm cha m'ma 2017, si zachilendo kupeza nsonga yodyeka. Mukadula mbali yodyekayo, chotsalacho chilibe vuto. Koma chimene chachita nkhungu, chisiyeni.

Phikani tsiku lomwelo. Chimanga chikangothyoledwa, shuga wake amayamba kusanduka ufa, ndipo kukatentha zimenezi zimafulumira. N'chifukwa chake cha m'dimba cha mu Okutobala chimene chatandala pamsika masiku awiri sichikoma ngati cha mu Febuluwale chothyola kuseri kwa nyumba. Mukalephera kuphika lero, chiikeni mu fuliji ndi makoko ake omwe.

Tsopano kukhitchini. Sendani makoko onse, koma awiri kapena atatu a m'kati, oyera aja, muwasunge. Chotsani ndevu zonse, osasiyako, ndipo pano ndikupemphani musachite ulesi: ndevu ndi tizidutswa ta makoko n'zopepuka, fani imaziulutsa n'kukazimata pa elementi, zikatero zimanyeka n'kudzaza utsi m'nyumba. Ine ndimapukuta ndi kansalu konyowa kuchokera kutsinde kupita kunsonga, zotsalira m'mizere ndimazikoka ndi zala. Ngati basiketi ya air fryer yanu, moikamo chakudya muja, ndi yaing'ono, thyolani chimangacho pakati ndi manja. Mpeni umaterereka pa chitsononkho, ungakuchekeni.

Wiritsani madzi mu poto, thirani mchere wokwanira kuti madziwo amveke mchere ndithu, ponyani chimanga, n'kuvundikira ndi makoko munasunga aja musanatseke chivundikiro. Makokowo amapereka kafungo kaja ka chimanga chophika cha kumudzi. Cha mkaka chiwire mphindi 8 mpaka 10 basi. Simukufuna kuti chipseretu, mukungofuna kuti ufa wa m'kati umwe madzi ndipo mchere ulowe. Chokhwima chija chipatseni mphindi 20 mpaka 25, mpaka njere itayamba kulola mukailuma.

Mukavuula, chisiyeni pa mbale mphindi ziwiri kapena zitatu nthunzi ichoke, kenako chipukuteni chiume. Apa m'pamene ambiri amafulumira, koma chimanga chonyowa sichichita mawanga, chimangofuka nthunzi m'basiketimo. Chikauma, thirani timadontho ta mafuta ophikira m'dzanja n'kuchisisita mbali zonse. Theka la sipuni yaing'ono limakwana pa chimanga chimodzi. Batala ndi majarini zisungeni za pamapeto, chifukwa pa madigiri 200 batala amapserera n'kusiya kakuwawa.

Yatsani air fryer yopanda kanthu pa 200 kwa mphindi zitatu kuti itenthe. Ngati yanu imawerenga za ku America, ndiye kuti pa 400°F. Yalani chimanga chosasanjikiza, pakhale mpata wolowa chala pakati pake kuti mpweya udutse. Bola kuwotcha kawiri kusiyana ndi kupanikiza chonse nthawi imodzi. Ikani mphindi 12, ndipo mphindi zinayi zilizonse kokani basiketi n'kutembenuza ndi chopanira. Kutsegulako sikuwononga kanthu, makina ambiri amangoima okha n'kupitiriza mukabwezera.

Ulendo woyamba muona kuti njere zangoyamba kunyezimira n'kusanduka zachikasu pang'ono. Ulendo wachiwiri, mizere ya pamwamba imakhala itayamba kufiirira, makamaka kunsonga kumene njere ndi zing'onozing'ono, ndipo mumamva kuthetheka, mwina njere imodzi n'kuphulika kuti phu. Fungo nalo limasintha, kuchoka pa la chophika kupita pa la chowotcha. Mukaona mawanga ofiirira mbali zonse, koma njere zikadali zotupa, phulani. Zikayamba kuchita timakwinya ndi kulowa m'kati, ndiye kuti zayamba kuuma, musawonjezerenso mphindi pofunafuna kuti chide bii ngati cha pambaula. Sichingade choncho, chingokuthyolani mano. Makina amasiyana mphamvu, ang'onoang'ono amafulumira chifukwa elementi ili pafupi ndi chakudya, choncho diso lanu likhale pa chimangacho kuposa pa wotchi.

Pali nthawi imodzi imene ndimadumpha zowiritsa: chimanga chikakhala cha mkaka, chothyola m'mawa womwewo. Chimenechi ndimachikulunga mu foyilo nditawazamo sipuni imodzi ya madzi a mchere, n'kuchiika pa 190 kwa mphindi 15. Chimapsa ndi nthunzi yake yomwe. Kenako ndimachotsa foyiloyo, kupaka mafuta, n'kubwezera pa 200 kwa mphindi 6 mpaka 8, kutembenuza kamodzi. Kukoma kwake kumaposa kwa chowiritsa chifukwa palibe chimene chatsalira m'madzi. Foyiloyo muipinde bwino m'mbali kuti isauluke, ndipo musayale pansi ponse pa basiketi, mungatseke mabowo odutsa mpweya.

Kwa abale amene ali ku Britain kapena kwina kumene m'mashopu mumangopezeka sweet corn, yanu ndi yosavuta. Osawiritsa ayi. Pakani mafuta, ikani pa 200, mphindi 12 mpaka 15, kutembenuza kawiri. Chouma ndi ayezi cha mu fuliza chitsukeni kaye ndi madzi ozizira, pukutani, n'kuwonjezera mphindi zitatu kapena zinayi. Muchiyang'anire, chifukwa shuga wake amapsa msanga. Amene ali ku Johannesburg akapeza choyera chija cha m'misewu achite nacho ngati cha kwathu.

Za magetsi musade nkhawa kwambiri. Air fryer ya mawati 1,500 ikayaka mphindi 15 siidya ngakhale theka la yuniti. Chofunika n'kuilumikiza pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yotchipa imene mwalumikizaponso ketulo, ndiponso kusiya mpata kumbuyo kwake kumene kumatulukira mpweya wotentha.

Chinthu chimodzi chimene makinawa sangakupatseni ndi utsi wa makala. Amene ali ndi khonde, mbaula ndi nthawi, awotche pamakala, ine sindingamuletse. Koma mvula ya Febuluwale ikamakhuthuka, makala atanyowa, kapena mukukhala m'nyumba yosanja imene saloleza moto, chimanga cha mu air fryer chimakhala chofewa m'kati kuposa chambiri chimene timagula pamsewu, ndipo chilibe phulusa kapena mbali yopserera.

Zokometsera muike chikadali chotentha moti simungachigwire ndi dzanja. Ngati munawiritsa ndi mchere, lawani kaye musanawonjezere. Ine ndimakonda kusinja tsabola wa kambuzi wouma pamodzi ndi mchere, kudula ndimu pakati, kuidinda mu tsabolayo n'kukhula nayo chimanga mzere ndi mzere. Madzi a ndimu amanyamula mcherewo n'kuulowetsa pakati pa njere, pamene mchere wongowaza umayoyokera pa mbale. Ana apakireni majarini basi. Mudye nthawi yomweyo, poti chimanga chathu chikazizira ufa uja umalimbanso, ndipo pakatha theka la ola chimakhala china.

Chikatsala, musachibwezere m'makina chathunthu, chimangouma. Tonolani njerezo, ziwazeni timadzi ndi kadontho ka mafuta, ziikeni m'kambale kachitsulo kolowa m'basiketi, n'kutenthetsa pa 180 kwa mphindi zinayi, kutakasa kamodzi. Sakanizani ndi mtedza wokazinga, mumwere tiyi wa madzulo.