Charter ina ikubwera mumzinda mwanu? Yambani ndi kulondola ndalama

Makolo anzanga amene ana anu ali m'sukulu za boma kuno ku Massachusetts, mukamva zoti akufuna kutsegula sukulu ina ya charter kwanuko, kapena kuwonjezera malo pa yomwe ilipo kale, musathamangire mkangano woti yabwino ndi iti. Umenewo sutha. Ine ndimayamba ndi ndalama, chifukwa ndi zomwe zimamupeza mwana wanga amene watsala m'sukulu ya mzinda.

Charter imayendera ndalama za misonkho. Salipiritsa fizi, ndipo ofuna malo akachuluka amachita mayere. Koma zamtundu wa Commonwealth, zomwe ndikunena pano, sizili pansi pa komiti ya sukulu ya mzinda. Chilolezo amachitenga ku bungwe la maphunziro la Massachusetts yonse, cha zaka zisanu zisanu. Mwana akapita kumeneko ndalama zake zimamutsata, ndipo amazidula pa thandizo lomwe boma likanapereka kumzinda.

Choyamba dziwani malire. Lamulo limati mzinda usatumize ku charter ndalama zoposa 9 peresenti ya zomwe umagwiritsa ntchito pa maphunziro. Mu 2010 anakweza malirewo mpaka 18 peresenti kwa mizinda imene ili kumchira pa zotsatira za MCAS, mayeso a boma la Massachusetts. Apa mpomwe ine pamandivuta: mzinda umene ukuvutika kale ndi womwe ungatulutse zambiri. Lowani pa webusaiti ya DESE, dipatimenti ya maphunziro, muone kuti kwanu kwatsala pang'ono bwanji kuti mufike pamalire. Zikakusokonezani, imbirani ku ofesi ya zachuma ya sukulu za mzinda, mufunse funso limodzi lokhalo.

Kenaka funani pepala lotchedwa cherry sheet. Limatuluka chaka chilichonse ku dipatimenti ya misonkho, ndipo lili pa intaneti. Mbali ina ikusonyeza zomwe mzinda ukulandira, kuphatikizapo thandizo la maphunziro la Chapter 70. Mbali inayo ikusonyeza zomwe akuudula. Pezani mzere wa ndalama zopita ku charter, mupezenso wa zomwe boma likubweza, muchotsere. Chitani chimodzimodzi pa zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Nambala ya chaka chimodzi siinena zambiri, koma mukaziyika pamodzi muona komwe zikulowera.

Tsopano wina akuuzani kuti, "Nanga vuto lili pati? Mwana wachoka, ntchito yachepa." Muyankheni ndi masamu. Tiyerekeze kuti ana 30 achoka, koma akuchokera m'makalasi osiyanasiyana, m'sukulu zisanu. Kalasi ya ana 24 yatsala ndi 22. Mphunzitsi akufunikabe. Namwino wa pasukulu akufunikabe. Basi yachikasu ija idutsabe msewu womwewo, ndipo mu Januwale nyumba yonse iyenera kutenthetsedwa, ngakhale madesiki awiri ali opanda anthu. Zili ngati minibasi imene yatsitsa anthu awiri panjira: mafuta okafikira kudepoti ndi omwewo. Ndalama za ana 30 zapita zonse, pomwe zolipira zatsika pang'ono chabe. Ndiye mpeni umagwera pa zomwe zingadulike msanga, monga nyimbo, laibulale ndi othandizira aphunzitsi. Kwa ife amene ana athu ena afika Chingerezi chikuwavutabe, funsani makamaka za aphunzitsi a ESL, ophunzitsa Chingerezi kwa ana olankhula zilankhulo zina.

Boma limabwezako, inde, koma kwa kanthawi. Njira yomwe ikugwira ntchito kuchokera mu 2019, chaka chomwe bwanamkubwa wa nthawiyo Charlie Baker anasaina lamulo la ndalama za sukulu lotchedwa Student Opportunity Act, ndi ya 100, 60, 40. Ndalama zopita ku charter zikakwera ndi $1,000,000, chaka choyamba boma libweza yonseyo, chachiwiri $600,000, chachitatu $400,000, chachinayi mudzionere nokha. Ndipo zimenezi zimadalira kuti aphungu aike ndalamazo mu bajeti. Zaka zingapo 2019 isanafike sankaika zokwanira.

Mukakhala ndi manambala anu, pitani mukalankhule. Misonkhano ya komiti ya sukulu amailengeza pasadakhale maola 48, ndipo nthawi zambiri pamakhala mpata wa anthu wamba, wamphindi zochepa. DESE nayonso imamvera maganizo a anthu bungwe lisanavote pa charter yatsopano, ndipo mutha kungolemba kalata. Simufunika kukhala nzika kuti mulankhule. Lembani papepala zinthu zitatu: zomwe mzinda wadulidwa chaka chino, zomwe wabwezeredwa, ndi chinthu chimodzi chomwe chasowa m'kalasi la mwana wanu. Werengani modekha, mukhale pansi.

Chonde musanyoze mnansi wanu amene mwana wake ali ku charter. Anafuna zabwino ngati inu, ndipo zina mwa sukuluzi, makamaka ku Boston, ana amakhoza bwino ndithu. Nkhani yanu ndi liwiro la kutsegula zatsopano komanso amene atsale ndi ngongole. Mu Novembala 2016 anthu a ku Massachusetts anafunsidwa pa chisankho, pa funso lotchedwa Question 2, ngati angalole charter zatsopano kapena zokulitsidwa zofika 12 pachaka, ndipo pafupifupi 62 peresenti anakana. Ku California, lamulo la AB 1505 la mu 2019 linalola akuluakulu a sukulu kuganizira za chuma cha sukulu zawo asanavomereze charter yatsopano.

Za nthawi yoimbira phungu wanu: bwanamkubwa amapereka bajeti mu Januwale, nyumba ya malamulo ya House imakambirana mu Epulo, ya Senate mu Meyi, ndipo chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Julayi. Imbani mu Malichi, mumufunse ngati mzere wa ndalama zobwezera mizinda udzadzazidwa wonse.