Mukamasintha slave cylinder, yang'ananinso bering'i

Kwa anzanga a njinga zamoto zomwe kilatchi yake imayendera mafuta: slave cylinder (kachipangizo ka pa injini komwe kamakankha kilatchi ndi mphamvu ya mafuta) ikayamba kudontha, musangothamangira kugula ina n'kumanga. Yambani mwasolola kachitsulo kokankha kaja, pushrod, muone kunsonga kwake. Mukapeza kwadyeka kapena kwachita kubiliwira ngati kwapsa, vuto lili mkati. Bering'i ya pa pressure plate (chitsulo chopanikiza mapuleti a kilatchi) ikauma, kachitsuloko kamazungulira limodzi ndi kilatchi n'kumaboola pisitoni ya mu slave cylinder pang'onopang'ono, ndiye yatsopanoyo nayonso siikhalitsa. Bering'iyo ipukuseni ndi chala. Ikamamveka ngati muli mchenga, itayeni. Kulira kumene kumayamba mukangokoka liva ya kilatchi n'chizindikiro chake chinanso.

Pa mafuta ndiye samalani kwambiri. Werengani pachivundikiro cha kabotolo ka mafuta a kilatchi: njinga zina zimafuna DOT 4 (mtundu wa mafuta a mabuleki), zina mineral oil, monga zambiri zokhala ndi zipangizo za kampani ya Magura. Mukasakaniza, malabala amafufuma, ntchito yonse yapita pachabe. DOT 4 imadyanso penti, choncho yalani kansanza pathanki.

Ine mpweya wolowa m'paipi ya mafuta ndimachotsa ndi jakisoni, kukankha mafuta kuchokera pansi, chifukwa thovu limafuna kukwera. Musadzazitse kabotolo kapamwamba. Mapuleti a kilatchi akamatha, mafuta amakwera, ndipo akasowa malo kilatchi imayamba kuterereka.