Zoyenera kuchita apolisi akakuimitsani muli ndi mfuti m'chiuno

Kuno ku chigwa cha Shire anthu okhala ndi mfuti ya m'manja mwalamulo si ambiri, koma alipo: ogula ng'ombe ku Ngabu ndi ku Bangula, eni mashopu a pa Nchalo, ndi ena amene ntchito yawo imawayendetsa ndi ndalama zambiri pa msewu wa M1. Aliyense wa iwo tsiku lina adzaimitsidwa ndi apolisi, kaya pa rodibuloko ya pa Thabwa asanayambe chikweza cha ku Blantyre, kaya pena pake usiku, ndipo zimene angachite m'mphindi yoyamba ndiye nkhani imene ndikufuna tiiganizire mofatsa.

Choyamba kumvetsa n'chakuti wapolisi saiona layisensi yanu. Iye amangoona chinthu chotundumuka pansi pa malaya, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chochitira mantha. Dera lathu lili m'malire, ndipo nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, idasiya mfuti zambiri zopanda mapepala m'manja mwa anthu. Inu mukudziwa kuti ndinu munthu wolungama, koma iye sakudziwani, choncho udindo womuchotsa mantha uli pa inu.

Kukonzekera kumayambira kunyumba. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act ya 1967, silola munthu kukhala ndi mfuti popanda layisensi, ndipo layisensiyo imakhala ya munthu mmodzi ndi mfuti yodziwika nambala yake, komanso imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Musananyamuke onani ngati siinathe, ndipo yerekezani nambala ya papepala ndi imene idadindidwa pamfuti. Mfuti ya m'bale wanu si yanu, ngakhale muzigona nyumba imodzi. Ikhale m'chimake chogwira bwino, osati kungoisomeka pa lamba, pakuti ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala malaya opyapyala amamatirira thupi ndi thukuta, mpaka chogwirira chimaonekera bwinobwino munthu akangowerama. Ngati mwamwa mowa, ngakhale botolo limodzi, isiyeni kunyumba mutaikiyira.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira, ndipo ine ndimakaona ngati kachikulu pa zonse. Amuna ambiri amaika chikwama cha ndalama m'thumba la kumbuyo la kudzanja lamanja, pamene mfuti ili m'chiuno mbali yomweyo. Wapolisi akati muonetse layisensi yoyendetsera galimoto, dzanja limapita lokha kumeneko, ndipo kwa munthu amene waima pawindo, dzanja lofuna chikwama ndi dzanja lofuna mfuti zimayenda njira imodzi. Choncho mapepala onse, a galimoto, a mfuti ndi chitupa cha unzika, aikeni m'thumba la malaya la pamtima kapena pamalo oonekera patsogolo panu, kutali ndi mfutiyo.

Akakuimitsani, patukani bwino, zimitsani injini ndi wailesi, tsitsani galasi, ndipo ngati kuli mdima yatsani nyali ya m'kati. Manja onse awiri akhale pachiwongolero, zala zili poyera. Mukapatsana moni, musanagwire kanthu kalikonse, nenani modekha kuti: "Bwana, ndisanasunthe ndikudziwitseni kuti ndili ndi mfuti ya layisensi. Ili m'chiuno kudzanja lamanja, mapepala ake ali m'thumba la malayali. Mundiuze chochita." Mukatero khalani chete, mudikire. Musailoze, musakweze malaya kuti aione, ndipo musaitulutse poganiza kuti mukuonetsa kukhulupirika.

Malamulo a maiko amasiyana pa funso la amene ayenera kuyamba kulankhula. Ku America, kumene anthu ambiri amaloledwa kuyenda ndi mfuti yobisa, dera lililonse lili ndi lamulo lake. Ku Michigan ndi ku North Carolina munthu amakakamizidwa kuuza wapolisi yekha asanafunsidwe, pamene ku Ohio adasintha lamulo mu 2022 kuti munthu azinena pokhapokha wafunsidwa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita, lamulo la mu 2000 limati mfuti ya m'manja ikhale m'chimake ndiponso yophimbika munthu akakhala pagulu, ndipo mwini wake aonetse layisensi wapolisi akaifuna. Kuno kwathu nakonso wapolisi ali ndi mphamvu yofuna kuona layisensi yanu. Langizo langa n'lakuti muziyamba ndinu kunena, chifukwa mfuti imene wapolisi waitulukira yekha pokupapasani imabweretsa mafunso ambiri kuposa imene mwaiulula nokha.

Komabe kunena kokha sikokwanira, ndipo nkhani ya Philando Castile imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Pa 6 Julaye 2016, ku Falcon Heights m'dera la Minnesota ku America, bambo wa zaka 32 ameneyu adaimitsidwa akuyendetsa galimoto, bwenzi lake lili pambali pake, kamwana ka zaka zinayi kali kumpando wa kumbuyo. Anali ndi chilolezo choyenda ndi mfuti, ndipo adamuuza wapolisi mwaulemu kuti ali nayo. Koma pamene ankanena zimenezi dzanja lake linkayenda, wapolisi adakuwa kuti asaitulutse, ndipo m'kanthawi kochepa adawombera kasanu ndi kawiri. Castile adamwalira, ndipo khoti lidapeza wapolisiyo wosalakwa mu 2017, chigamulo chimene chidakwiyitsa anthu ambiri. Sindikunena kuti womwalirayo ndiye adalakwa. Ndikunena kuti pakamwa pakamalankhula manja azikhala duu, ndipo musanasunthe dzanja munene kaye kumene likupita, mudikire wapolisi avomere, kenaka mulisunthe pang'onopang'ono.

Wapolisi angafune kuisunga mfutiyo pamene akuona mapepala. Musakangane naye. Muuzeni ngati muli zipolopolo, ndipo ndi bwino kumupempha kuti aichotse yekha m'chimake inu manja ali poonekera. Akalamula kuti muitulutse nokha, bwerezani mawu akewo mokweza kuti anzake onse amve, chala chisayandikire powombera, ndipo kukamwa kwa mfuti kuloze pansi, kutali ndi munthu aliyense. Akati apita nayo ku siteshoni, pemphani mwaulemu kuti zilembedwe: nambala ya mfuti, chiwerengero cha zipolopolo, dzina ndi nambala ya wapolisi. Za kupereka ya fanta kuti nkhani ithere pomwepo musaziyese n'komwe, chifukwa mukhala mwadzipalamulira mlandu wa ziphuphu pamene munalibe mlandu.

Zikafika poti akumangeni, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chake, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wokaonekera ku khoti pasanathe maola 48. Ngati mukuona kuti sadakuchitireni chilungamo, dandaulo lake mukalipereke pambuyo pake kwa akuluakulu a polisi kapena ku bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi la Independent Complaints Commission. Pamsewu, mfuti ili pakati panu, si pamalo poweruzira mlandu.

Amene mwakwera nawo auzeni musananyamuke kuti apolisi akaimitsa galimoto wolankhula ndinu, iwo asayambe kupisa m'zikwama kapena kutsegula zitseko. Mukakhala pa kabaza kapena mu minibasi, pamene apolisi amatha kutsitsa anthu onse n'kuyamba kusecha, yandikirani wapolisi manja ali poyera mumuuze motsitsa mawu asanakugwireni m'chiuno, kuti anthu ena asadzidzimuke n'kuyamba kuthawa.

Dziwaninso pamene layisensi yanu imathera mphamvu. Mukadutsa pa chipata cha Marka, kapena mukawoloka Shire pa bwato kulowa m'dziko la Mozambique, pepala la ku Malawi silikutetezani. Chimodzimodzinso ku Lengwe, ku Majete ndi ku Mwabvi, kumene lamulo loteteza nyama za kutchire limaletsa kulowa ndi chida popanda chilolezo chapadera. Ngati ulendo wanu ukudutsa kumeneko, mfutiyo itsale kunyumba, kapena muuze alonda a pachipata galimoto isanalowe.