Momwe mungakwerere phiri la Mulanje ndi anzanu pa Loweruka ndi Lamulungu

Pitani nthawi ya masika, kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Mvula imakhala italeka, mitsinje ikadali ndi madzi, ndipo chisanu cha mu Juni chisanayambe. Gulu lisapitirire anthu khumi. Mukachuluka, ena amatsalira m'mbuyo n'kumachedwetsa onse.

Ndalama asonkhanitse munthu mmodzi pa Mpamba kapena Airtel Money Lachitatu lisanadutse. Amene akuti "ndipereka komweko" ndi yemwe sabwera. Lachisanu masana kwerani minibasi ku Limbe, mutsike pa Chitakale. Gulani pomwepo mpunga, soya, buledi, shuga ndi masamba a tiyi, chifukwa pamwamba palibe golosale. Chinanazi musagule kwa woyamba kukuthamangirani, lowani mkati pang'ono mtengo umatsika. Kenako kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Likhubula, m'munsi mwa phiri komwe muyambire kukwera, mukagone kumeneko.

Apa ndiye mundimvetsere bwino: gaidi mukamutenge ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, osati pa siteji. Ulendo wathu woyamba tinakopeka ndi mnyamata wina amene anatchula theka la mtengo wa ku ofesi. Tinamupatsiratu ndalama zina, n'kugwirizana kuti tinyamuka 6 koloko m'mawa. Anatulukira cha m'ma 11. Tinayamba kukwera dzuwa lili pamutu, madzi n'kutithera tisanafike n'komwe pakati. Cha m'ma 3 chiperoni chinatsika. Amene simunachionepo, ndi nkhungu yoti mnzako ali apa sumuona, kamvula kakuwaza, miyala ikuterera. Mnyamata uja anayamba kutizungulitsa malo amodzimodzi, akuti "njira ndi yomweyi, mabwana", koma mawu akunjenjemera. Mchemwali wina anali atavala tisheti yokha, mano akugundana, mpaka tinamuveka majuzi awiri. Ku nyumba yogona alendo ya Chambe, pamwamba pa phiri, tinafika mdima utagwa kale, titatsatira abambo ena amene tinakumana nawo mwamwayi. Mpaka lero mtima umandipweteka kuti ndine ndinakakamiza anzanga kusankha zotchipa.

Choncho lembetsani mayina ku ofesi, lipirani zolowera ndi zogonera, mutenge gaidi wodziwika ndi onyamula katundu awiri kapena atatu. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo pofika 7 koloko mukhale muli m'njira. Aliyense akhale ndi juzi yokhuthala, chodzitetezera kumvula, tochi ndi nsapato zogwira pansi.

Za Sapitwa iwalani pa ulendo wa masiku awiri. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, imafuna masiku atatu ndi kugona ku nyumba ina ya alendo ya Chisepo. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafera kumeneko atasiya gaidi wake m'mbuyo. Inu lunjikani ku Chambe kudzera njira ya Skyline. Ndi yotsetsereka kwambiri, koma maola anayi mwafika.

Ku nyumbako kuli mlonda, akuthandizani ndi nkhuni ndi madzi. Bulangete ndi mapoto nyamulani zanu, ndipo mlondayo mumusiyire kangachepe.

Lamulungu tsikirani njira ya Chapaluka, mupume pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi ozizira zedi, wosadziwa kusambira angoviika mapazi. Zinyalala mutsike nazo. Ogulitsa zosema za mkungudza muwakane, mtengowu watsala pang'ono kutheratu. Pofika 3 koloko mukhale muli pa Chitakale, minibasi zisanayambe kusowa.