Musanathire mankhwala oziziritsa injini m'galimoto yanu yakale

Eni galimoto zothamanga zakale monga MGB, Triumph TR6 kapena Jaguar E-Type amadandaula zofanana: pamsewu wopanda chotchinga injini imayenda bwino, koma ikaima pamdipiti wa galimoto dzuwa likuswa mtengo, singano ya kutentha imayamba kukwera. Ambiri amathamangira kabotolo ka mankhwala othira m'rediyeta, monga Water Wetter wa kampani ya Red Line. Sikulakwa, koma dziwani kaye ntchito yake.

Mankhwalawa saziziritsa madzi ayi. Kumutu kwa injini, pafupi ndi mavavu otulutsa utsi, chitsulo chimatentha kwambiri moti madzi amachita tithovu ta nthunzi. Tithovuto timakakamira pachitsulo, madzi n'kulephera kuchikhudza. Mankhwala aja amafewetsa madzi monga achitira sopo, kuti tithovu tichepe ndi kuchoka msanga, ndipo kutentha kumalowa m'madzi mosavuta.

Phindu lake limaoneka bwino akathiridwa m'madzi okhaokha. Madzi amanyamula kutentha kwambiri kuposa antifreeze wa glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana. Mukasakaniza theka ndi theka, madziwo saundana mpaka pa -37°C, koma mphamvu yonyamula kutentha imachepa, ndipo mankhwala aja sasintha zambiri pamenepo. Choncho ngati kumene mukukhala madzi saundana, kuchepetsa antifreeze kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu kungakuthandizeni kuposa kabotolo kaja. Musachotseretu antifreeze popanda kuika china choteteza ku dzimbiri, makamaka ngati mutu wa injini ndi wa aluminiyamu monga wa E-Type. Thirani madzi otchezedwa, aja owonjezera m'batire, osati apampopi amene amasiya laimu m'timipaipi.

Samalaninso ndi mtundu wa antifreeze. Marediyeta akale ndi amkuwa, owotcherera ndi mtovu, ndipo amagwirizana ndi antifreeze wachikale wa IAT amene amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Wamakono wa OAT anapangidwira injini zatsopano. Werengani pabotolo, maonekedwe a madziwo asakunamizeni.

Komabe injini yowira nthawi zambiri imakhala ndi vuto lenileni. Galimoto ya zaka 50 imakhala ndi matope a dzimbiri m'buloko, timipaipi ta rediyeta titatsekeka, lamba wa fani atakhwefuka, kapena mapiko a pampu yamadzi atadyeka. Tayimingi (nthawi imene mapulagi amayatsa petulo) ikachedwa imatenthetsanso injini, chimodzimodzi kabureta yopereka petulo wochepa. Chivundikiro cha rediyeta nachonso chimaiwalika: psi (muyeso wa kupanikizika kwa madzi ndi nthunzi) iliyonse imene chimasunga imakweza mlingo wowirira madzi ndi pafupifupi 1.7°C, ndiye sipuling'i yake ikatopa madzi amawira msanga. Gulani cha mlingo umene buku la galimotoyo likunena, pakuti chothina kwambiri chimang'amba rediyeta yokalamba.

Ndipo ngati thermostat yanu, yomwe imatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha, imatseguka pa 82°C, palibe mankhwala amene angatsitse injini pansi pa mlingowo poyenda. Ena amachotsa thermostat, koma ine sindivomereza: injini imachedwa kutentha ndipo imatha msanga.

Tsukani rediyeta ndi buloko, konzani zowonongeka, kenako thirani mankhwalawo monga mwa malangizo a pabotolo. Chivundikiro muzitsegula injini itazizira. Antifreeze wakale mum'tayire m'chigubu chotseka, chifukwa ndi wotsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi ziweto.