Mapadi ndi mapanti a m'chikuta: zogula, zochapa ndi zoyang'anira

Mayi akamalongedza chikwama cha kuchipatala, malo ambiri amapita kwa mwana: matewera, tizipewa, masokosi, shawelo, bulangeti. Za mwini wake zimabwera pamapeto ndalama zitatha, ndiye amangoponyamo mpukutu wa thonje ndi mapanti awiri akale. Amayi a kuno ku Chipata ndi m'midzi yozungulira, tiyeni tikambirane za mbali imeneyi, chifukwa padi simangoteteza zovala kuti zisade. Ndi imene imakuuzani inu ndi anamwino ngati magazi akutuluka mwa muyezo kapena ngati zinthu zalakwika.

Mayi aliyense akachira amataya magazi, ngakhale amene wachira pa opareshoni. Magaziwo amachokera m'chiberekero, pamene panamatirira nsengwa, ndipo pamalopo pamatsala bala lofunika kupola. Masiku 3 kapena 4 oyamba amakhala ofiira kwambiri, ochuluka kuposa a msambo, ndipo nthawi zina amabwera ndi timagazi toundana. Kenako amayamba kuchepa ndi kudera mpaka cha m'ma tsiku la 10, ndiyeno zotuluka zimakhala zachikasu kapena zoyererako. Zonsezi zimatenga masabata 4 mpaka 6. Mukamayamwitsa m'mimba mumapota ndipo magazi amawonjezerekako, chifukwa chiberekero chimakhala chikufinyika kubwerera m'malo mwake. Mukadzuka pamene munagona amathanso kutsika ambiri nthawi imodzi. Zimenezo si zoopsa.

Pa masiku oyambawa funsani mapadi a amayi ochira, aja aatali, okhuthala ndi ofewa. Amapezeka m'mafamasi ndi m'masitolo akuluakulu m'tauni muno. Mapadi opyapyala a msambo amadzaza msanga, ndipo ambiri ali ndi kaukonde ka pulasitiki pamwamba kamene kamakhula pamene mwasokedwa. Aja onunkhira pafyumu asiyeni pashelefu pomwepo, amayabwitsa pakhungu pamene pali kale chilonda. Gulani mapaketi awiri kapena atatu a aakuluwo poyambira. Magazi akachepa, sabata loyamba likatha, mutha kubwerera ku mapadi wamba, amenenso ndi otsika mtengo. Zolowetsa mkati, kaya matamponi, kaya kansalu kopota, kaya mankhwala azitsamba, musayerekeze mpaka anamwino atakuonani pa sabata la 6. Khomo la chiberekero limakhala lisanatsekeke bwino, ndipo tizilombo sitichedwa kulowa.

Nanga thonje lija lampukutu limene ambiri amanyamula? Limamwa magazi bwino ndithu, koma lili ndi vuto limodzi. Likanyowa limasiya timaubweya tomatirira pa ulusi wa pamene mwasokedwa, ndipo pochotsa mayi amamva kuwawa, mwinanso kuyambitsa kutupa. Ngati thonje ndilo muli nalo, likulungeni kaye mu gozi (kansalu kopyapyala komangira mabala) kapena mu kansalu koyera kochapa bwino, kuti chokhudza thupi chikhale nsaluyo.

Si mayi aliyense amene angakwanitse kugula mapadi a masabata 6, makamaka kumudzi mbewu zisanagulitsidwe. Nsalu zimagwira ntchito, bola zisankhidwe bwino. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi azigogo ambiri, amene amang'amba chitenge chakale chakuda kapena chamaluwa ofiira kuti magazi asaonekere. Nsalu yotero imabisa zimene tikufuna kuziona. Pa chitenge chakuda simungadziwe ngati magazi ayambanso kufiira, kapena ngati mwatuluka zobiriwira za mafinya. Tengani nsalu yoyera kapena yowala: thewera lansalu lija lathawulo, shiti yakale, kapena tisheti yathonje. Dulani zidutswa zosachepera 10, pindani chilichonse kanayi, ndipo muzichape ndi kuzisita tsiku lochira lisanafike. Chitenge chatsopano chouma ndi sitachi sichimwa madzi, chimangowatsetsereza.

Kuchapa kwake kuli ndi dongosolo. Yambani ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amakhazikitsa magazi m'nsalu. Kenako sopo, kutsukuluza mpaka thovu litatha, ndiye kuyanika padzuwa, pachingwe. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amachita manyazi, enanso amaopa kuti munthu wa mtima woipa angatole nsalu ya magazi awo, choncho amaziyanika kuseri kwa bedi kapena kuzibisa pansi pa matilesi. Nsalu imene yauma mumdima imakhala ndi chinyontho ndi nkhungu, ndipo mukaibwezera pabala mwadziitanira matenda. Mangani chingwe mkati mwa bafa laudzu mmene dzuwa limafika, kapena yanikani panja n'kuphimba ndi chitenge chopyapyala. Musayanike pa udzu kapena pansi, pali ntchentche ija imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa m'khungu. Nyengo yadzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, nsalu zimachedwa kuuma, ndiye simbi yamakala ikhale pafupi. Kusita kumamaliza kuumitsa ndipo kumapha mazirawo.

Tsopano mapanti. Chigawo chathu cha Kummawa chimalima thonje lambiri, koma mukayenda pa Kapata kapena pa Saturday Market mupeza kuti mapanti ambiri opachikidwa ndi a nayiloni ndi aleyisi, owala bwino m'maso. Amenewo si a m'chikuta. Nayiloni imasunga thukuta, ndipo m'kutentha kwa Okutobala, makamaka kwa anzathu a kuchigwa ku Mambwe, bala limakhala lonyowa tsiku lonse. Funani athonje. Werengani kachikwangwani kamkati, kapena gwirani nsaluyo: yathonje siterera ndipo sinyezimira. Akhale okulirapo kuposa amene munkavala musanaime, chifukwa mimba siphwa tsiku lomwelo, ndipo pakati pake pakhale potambalala kuti padi yaikulu ikhazikike osapendekera kumbali. Panti yothina imakanikiza pamene mwasokedwa. Yokhwepa kwambiri nayonso imasiya padi ikuyendayenda, mudzangoona magazi akutsikira m'miyendo. Asanu kapena asanu ndi imodzi akukwanirani ngati mukuchapa tsiku lililonse. Mtundu wa panti ulibe kanthu, mutha kusankha akuda kuti madontho asakuvuteni, malinga ngati padi kapena nsalu yamkati ndi yoyera.

Amayi ambiri sadziwiratu kuti adzachira pa opareshoni. N'chifukwa chake ndimalangiza mayi aliyense kugula mapanti ofika pamwamba, cha pamchombo. Bala la opareshoni limakhala mmunsi mwa mimba, pamalo enieni pamene lastiki ya panti yaifupi imadutsa, ndipo ikamakhula pamenepo mayi amalephera ngakhale kukhala tsonga kuti ayamwitse. Chitenge chomanga pamimba nachonso chisakanikize balalo.

Za salaula, zovala za mwana ndi madiresi gulani momwe mungathere, koma zamkati gulani zatsopano. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limaletsa kulowetsa ndi kugulitsa zovala zamkati zimene ena anavalapo kale, ngakhale zimapezekabe m'mabelo. Panti yatsopano nayo ichapidwe kaye isanalowe m'chikwama. Abambo, ntchito yogula imeneyi ndi yanunso. Ngati manyazi akukugwirani pakauntala, lembani papepala mupatse wogulitsa. Chikwama chikhale chokonzeka pofika mwezi wa 8, makamaka ngati amayi akukadikirira kunyumba yodikirira ya pachipatala.

Masiku oyamba sinthani padi pa maola awiri kapena atatu aliwonse, ndiponso nthawi iliyonse mukapita kuchimbudzi, ngakhale isanadzaze. Sambani m'manja ndi sopo musanasinthe ndiponso mukatha. Tsukani ndi madzi oyera ofunda, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo pukutani mogunditsa pang'onopang'ono, osakhula. Apongozi ndi azigogo amene mumathowa mayi ndi madzi otentha, chonde yesani kaye madziwo ndi chigongono, ndipo pamene asokedwa musapafinye.

Musanataye padi, iyang'aneni. Ikadzaza yonse ola limodzi lisanathe, kapena mukaona magazi oundana aakulu ngati dzira la nkhuku, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi ngati magazi anali atadera ndiye ayambanso kufiira ndi kuchuluka, ngati akununkha zoola, ngati thupi latentha kapena mukunjenjemera, mukuchita chizungulire, mtima ukuthamanga, mutu ukuwawa kwambiri kapena maso akuchita chidima. Kutaya magazi ambiri pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zimene zimapha amayi kwambiri, ndipo kumatha kuyamba mayi atabwerera kale kunyumba. Itanani a SMAG, anthu odzipereka othandiza amayi apakati ndi ochira m'mudzi mwanu, pezani njinga yamoto kapena ngolo, pitani kukiliniki yapafupi. Iwo akaona kuti zakula adzakutumizani ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala cha boma lanu. Nyamulani padi kapena nsalu yonyowayo mu pulasitiki, ndipo kumbukirani kuti mwasintha kangati kuyambira m'mawa, chifukwa anamwino adzafunsa zimenezo.

Ngakhale zonse zili bwino, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata la 6. Tsatirani masiku amene akulemberani pakhadi.

Mapadi ogwiritsa ntchito kamodzi musawaponye m'chimbudzi chamadzi, amatseka mapaipi. Akulungeni m'pepala, muwatenthe m'dzenje la zinyalala kapena muwakwirire mwakuya pamene agalu ndi nkhumba sizingafukule. M'wodi, funsani anamwino kuti akusonyezeni bini yake.