Mukufuna kudzagwira ntchito ya makompyuta? Yambani muli Fomu 3

Wophunzira amene akufuna kudzapeza chakudya pogwira ntchito ya makompyuta asadikire zotsatira za MSCE. Ngati sukulu yanu imaphunzitsa Computer Studies, itengeni, koma musanyozere Masamu ndi Chingerezi, chifukwa makoleji amayang'ana kwambiri maphunziro awiriwa posankha ophunzira.

Kuno ku Lilongwe malo ophunzirira alipo: Lilongwe Technical College, Don Bosco ku Area 23, komanso NACIT (National College of Information Technology). Kulinso timasukulu tambiri ta m'makwalala. Musanalipire kalikonse, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira maphunziro a luso la manja kuchokera mu 1999, ndipo funsaninso kuti satifiketi idzachokera ku bungwe liti la mayeso. Kenako pemphani kuti muone chipinda cha makompyuta. Werengani makina amene akuyaka. Ngati ophunzira asanu akuunjikana pa kompyuta imodzi, kapena magetsi akazima phunziro limathera pomwepo poti palibe jenereta kapena sola, ndalama za makolo zingopita pachabe. Funsaninso ngati amatumiza ophunzira ku atachimenti, komwe amakaphunzira ntchito pa kampani kapena mu ofesi.

Laputopu ya kaunjika ndi yokwanira kuyambira, bola ikhale ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core i5, RAM (mosungira zinthu kwakanthawi makina akamagwira ntchito) ya 8GB ndi SSD (mosungira mafayilo) ya 256GB. Ambiri amapusitsidwa ndi batire. Muli pa shopu pomwepo, tsegulani Command Prompt (pulogalamu yolembamo malamulo mu Windows), lembani powercfg /batteryreport, mutsegule lipoti lomwe latuluka, muyerekeze mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Ikatsika kufika pa theka, wogulitsa atsitse mtengo. Yesani batani lililonse pa kiyibodi ndi mabowo onse a USB.

Luso loyamba loti manja alizolowere ndi kupanga waya wa netiweki, chifukwa ntchito imeneyi imapezeka m'maofesi ndi m'masukulu, ndipo zipangizo zake n'zochepa: waya wa netiweki wa mtundu wa Cat6 mamita asanu, timitu ta RJ45 (toika kunsonga kwa waya) khumi, chopanira timituto ndi choyesera waya. Sendani khungu lakunja masentimita atatu osacheka timawaya ta mkati. Timawayato tilipo 8. Tiwongoleni n'kutindandalika motsatira dongosolo la mitundu lotchedwa T568B: koyera ndi lalanje, lalanje, koyera ndi kobiriwira, buluu, koyera ndi buluu, kobiriwira, koyera ndi bulauni, bulauni. Dulani kuti tifanane, totalika pafupifupi mamilimita 13, lowetsani m'kamutu mpaka mkuwa uonekere kunsonga, ndiye mupane. Choyesera chikadumpha nambala imodzi, ndiye kuti kawaya kena sikanafike kunsonga. Dulani kamutuko muyambirenso, sikakonzeka. Chimene chimalepheretsa ambiri n'kusokoneza kobiriwira ndi buluu pakatipo. Waya mmodzi asapitirire mamita 100, apo ayi netiweki imayamba kudukaduka.

Zikatheka zimenezi, pezani kompyuta yakufa muiphwasule. Zulani pulagi kaye, gwirani chitsulo cha bokosi lake musanakhudze RAM, ndipo jambulani chithunzi pa foni musanachotse waya aliyense. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka mafani, makina n'kumatentha mpaka kuzima okha. Lipemereni kunja, musapukute ndi nsalu yonyowa. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima amaotcha chaja ndi bolodi (thabwa lalikulu la zamagetsi m'kati mwa kompyuta), choncho gulani adaputa yoteteza zipangizo.

Phunziraninso kuika Windows kapena Ubuntu (mapulogalamu oyendetsa kompyuta yonse) kuchokera pa fulashi ya 8GB. Musanafufute chilichonse pa makina a munthu, koperani mafayilo ake pena. Kasitomala amene mwamutayira zithunzi za ukwati sabweranso. Amene mtima uli pa kulemba mapulogalamu ayambe ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu; ndi yaulere ndipo mukaiika imagwira popanda bandulo.

Sungani kope lolembamo ntchito iliyonse: tsiku, vuto la makina, zimene munayesa ndi chimene chinathandiza. Kopeli mudzalitenge popita kukapempha malo a atachimenti.